Khutu Langa Lakumanzere

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, 1978. Tsiku lolemera.

Ndapita kuchipatala ku Neno. Khutu lakumanzereli likungolira, ndipo ndikaimirira ndimamva chizungulire. Adokotala andijambulira kanthu konga chigoba cha nkhono. Akuti kali m'kati mwa khutu, kodzaza madzi, ndipo kali ndi titsitsi togwira mawu. Titsitsito tikathyoka sitimeranso.

"Kodi chinakumenyani n'chiyani, madala?"

Pakhomo panali anthu, onse ali tcheru. Ndikanati chiyani? Kuti mwana wa mlongo wanga, amene ndinamulera ndekha, anandiwomba mbama pamsika chifukwa ndinaiwala khadi la chipani?

"Ndinagwa, adokotala."

"Basi, muziyenda ndi ndodo."

Madzulo ano mnyamatayo wadutsa pano n'kundipatsa moni. Anaima kumanzere kwanga, ndangoona milomo ikugwedera. Ndamuyankhabe kuti ndaswera bwino.