Takondwa Wadziyankhira Yekha

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsaru tilipo, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Mwana wanga Takondwa, uja anangodzitsekera m'nyumba chilepherere mayeso, watidabwitsa. Kutchalitchi kunabwera ofufuza za umoyo wa achinyamata. Mwachizolowezi, akulu ampingo anayamba kuwayankhira anawo kuti alibe vuto.

Takondwa anaimirira. "Pepani azibambo, afunsa ife. Mumatiitana pofuna osesa ndi oimba basi, pokambirana ayi."

Anzake anawomba m'manja mpaka abusa anavomera kuti wanena zoona. Pano ndiye akuimira achinyamata m'komiti ya mpingo.

Ambuye akusungeni. Mumuimbireko foni, koma osandifunsanso ine za iye. Masiku ano sayankhiridwa.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda