Milongoti ya Abambo

Bečej,
24 Meyi 1970

Okondedwa achemwali Radojka,

Ndiyambe ndi nkhani yoti museke, chifukwa zotsatirazo sizoseketsa kwenikweni. Lero m'mawa mlongo wanu, mphunzitsi wa sekondale, munthu wa satifiketi yopachika pakhoma, wagubuduzika kuchoka pabedi. Poto wa nyemba wanditsatira, ndipo tonse awiri takaima pachitseko. Boti lathu lokhalamoli linali litapendekeka. Ndathamangira panja ndi kabudula wamkati yekha ndi ambulera ya amayi ya maluwa ija, n'kupeza a Lajoš, anzawo a malemu abambo aja, ataima pamtunda mvula ikuwathira, manja ali kumbuyo ngati akuonerera mpira.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Boti lanuli likugwadira ndani?"

Wolakwa ndine. Dzulo nditamva kuti mtsinje wa Tisa ukudzaza, ndinakunga zingwe zonse zinayi kuti gwaa, ndi mfundo zokongola zimene ndinaziona m'buku. Madzi atakwera, boti lafuna kukwera nawo, zingwe n'kulikaniza mbali imodzi.

Mwambo wa anthu a maboti mukuukumbukira. Munthu sakhudza chingwe cha mnzake, sauzanso mnzake zochita pa boti lake, pokhapokha mwiniwakeyo atapempha ndi pakamwa. Ine sindinapemphe. Ndalimbana ndi mfundo zanga ndekha, iwo akuyang'ana kumwamba, akucheza ndi mitambo.

"Ine ndikanakhala chingwe," atero, "ndikanakonda kulendewera mpaka mimba kukhudza madzi."

Ndalendeweretsa zingwe zonse, boti lawongoka, ndipo mwaulemu ndawaitanira khofi. Imeneyo inali 8 koloko. Pano 4 koloko yadutsa ndipo adakali pampando wa abambo. Ndawauza kuti ndikuchonga mayeso a ana, koma ndikulembera inu.

Kunoko mvula yagwa masiku asanu ndi anayi osapuma, ndipo akuti kumapiri a ku Romania ikugwa kuposa pano. Mtsinje wasanduka wofiirira, ukudutsa ndi mitengo yathunthu, mizu ili m'mwamba. Dzulo wadutsa ndi khola la nkhuku, tambala ali padenga. Chipata cha madzi cholowera mungalande anachitseka Lachitatu ndipo sachitsegulanso mpaka mtsinje utaphwera. Amene ali ndi injini analowa nthawi ilipo. Boti lokoka anzake analitenga kukanyamula matumba a mchenga, choncho kunja kuno tatsala awiri, lathuli ndi la a Lajoš, nkhalamba ziwiri zopanda injini, pakamwa penipeni pa ngalande.

Masana tamvera wailesi ikuwerenga msinkhu wa madzi. A Lajoš avula chipewa ngati ali m'tchalitchi. Ku Segedin, kumtunda kwa mtsinje, madzi akukwera. Ku Senta akukwera, masentimita makumi atatu chichokereni dzulo.

"Madzi a ku Segedin lero ndi athu mawa," atero, n'kuvalanso chipewa chawo.

Pa khoma lathu la miyala lija, limene timakochezapo maboti, madzi anali atatsala chikhatho chimodzi kuti afike pamwamba. Zimene zimachitika akapyola mukuzidziwa, koma ndizilembe kuti inenso ndizione papepala. Boti limayandama n'kukwera pamwamba pa khoma. Pamenepo palibe vuto, munthu umangodabwa kuti malo aoneka mwachilendo. Vuto limabwera madzi akamaphwera: mimba ya boti imatsamira pamphepete pa khoma, theka pamtunda theka m'madzi, kenako limagudubuka kapena kuthyoka pakati. N'chifukwa chake abambo ankasunga milongoti iwiri italiitali ija padenga. Umodzi kutsogolo, wina kumbuyo, nsonga ina pamtunda ina paboti, kulikankhira kutali ndi khoma mpaka madzi atabwerera kwawo.

Achemwali, khalani pansi. Milongoti ija kulibe.

Chaka chatha, amayi atangobwera kwanuko ku Germany, ku Stuttgart, kudzalera ana, mabuku anga anayamba kuchita nkhungu m'mabokosi. Ndinayang'ana padenga ndi kuona mitengo iwiri ya paini youma bwino, imene inangogona pamenepo zaka zinayi osagwira ntchito. Ndinaganiza monga munthu wophunzira: chinthu chosagwira ntchito chipatsidwe ntchito. Kalipentala anaicheka, ndipo inatuluka mashelefu asanu ndi atatu. M'kalata yanga ya Khirisimasi ndinakuuzani kuti ndakongoletsa m'nyumba, inu n'kundiyamikira. Simunafunse kuti matabwa ndinawatenga kuti, inenso sindinaone chifukwa chokuvutitsani.

Musaganize kuti ndangokhala. Dzulo ndinazungulira tawuni yonse. Mtengo uliwonse wotalika kuposa chitseko anautenga kale kukalimbitsira khoma la dothi lotchinga tawuni. Kogulitsa matabwa anandionetsa mipini ya mafosholo.

Ndiye taonani mmene tsiku layendera. A Lajoš amwa khofi, ndawapatsa wina. Tadya nyemba zimene zinapulumuka m'mawa zija. Ndayasamula, ndayang'ana wotchi, ndafika potsuka kapu yawo iwo akuona. Angosuntha mpando kuti aone bwino pawindo.

"Mayi Eržika sakukudikirani?" ndafunsa. Akazi awo aja miyendo inawakana m'nyengo yozizira, sadzukanso pabedi, ndipo akukana kuti awanyamulire kumtunda. Akuti analowa m'boti limenelo ali mkwatibwi ndipo sadzatulukamo atakulungidwa m'bulangete ngati katundu.

"Akudziwa kumene ndili," ayankha a Lajoš. "Andituma ndi iwowo."

"Akutumani chiyani?"

"Kudzamwa khofi."

Patapita kanthawi ayambanso, maso ali kudenga. "Padenga panu payera bwino, aphunzitsi. Bambo anu, Gojko, ankaunjikapo zinthu, munthu wosasamala uja."

"Ndinazisunga pabwino."

"Eya. Pouma."

"Pouma ndithu."

"N'zofunika. Mtengo ukanyowa umalemera."

Ine ndapitiriza kuchonga mayeso anga abodzawa. Kunja chinthu china chagunda boti, chakwekwereza m'mbali monse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kupita. Makapu alira m'kabati.

Ndinaima kaye kulemba pamenepa. Tsopano ndikuuzeni zimene zachitika.

A Lajoš anyamuka, ine n'kuganiza kuti basi akupita. Koma apita pa mashelefu. Atulutsa dikishonale yanga yaikulu ya Chilatini, aiika pansi mosamala ngati khanda, alowetsa dzanja kumbuyo kwa thabwa. Mukukumbukira kuti abambo ankasema kamzere pamlongoti chigumula chilichonse chikadutsa? Kalipentala sanaipale mizereyo. Ine ndinangoitembenuzira kukhoma.

"Uwu ndi wa chaka cha 32," atero, chala chikuyenda kumene maso sakuona. "Munali musanabadwe. Uwu ndi wa 41, amayi anu anakumangani kumwendo wa tebulo kuti musakwawire panja. Uwu ndi wa 65. Inu munali ku koleji, mukulemba mayeso. Gojko anakhala masiku atatu pamlongoti umenewu, chifuwa chija anachitengera pomwepo."

Sananditembenukire. Angoima, dzanja lili kumbuyo kwa mabuku, akudikira. Pamenepo m'pamene ndazindikira, ine wa satifiketi, chimene munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri wakhalira pampando wolimba tsiku lonse, boti lake ndi mkazi wake wodwala ali okha.

"Ndilibe milongoti," ndatero. "Ndithandizeni."

Apuma mpweya wautali. "Makapu asanu ndi limodzi a khofi woipa, kuti timawu titatu tituluke. Iwe Veljko, ndiwe mwana wa Gojko ndithu."

Aka n'koyamba kunditchula dzina chibwerereni ku koleji.

"Ndili nayo iwiri," apitiriza. "Umodzi ndi wako."

"Umodzi umakwanira?"

"Umagwira kutsogolo."

"Nanga kumbuyo?"

"Kumbuyo ugwira ndiwe. Zula shelefu yaitali kuposa onse, uime nayo pamenepo, ukaona khoma likuyandikira uzikankha. Pemphero ngati ku koleji anakusiyirako, uwonjezere."

"Nanga kwanu, kumbuyo agwira ndani?"

"Ine ndafa?"

"Koma mayi Eržika ali m'katimo."

"Eržika wanena kuti ndisabwerere ndisanakupatse. Ukufuna ukakangane naye iwe? Ine ndinasiya mu 1925."

Achemwali, mashelefu aja mukhoza kundikhululukira tsiku lina. Chimene ndikufuna mudziwe ndi ichi: sindinakane. Ndatsegula pakamwa kuti ndikane, ndinali nawo mawu abwino okanira, aulemu, okonzeka. Koma ndaona bedi la amayi, ndi makatani amene anasoka okha, ndakumbuka zimene analemba mwezi watha kuti mu Seputembala akubwerera kwawo, kuti Germany ndi yabwino koma pansi pake sipagwedezeka ndipo tulo sabwera. Ndatseka pakamwa. Maboti awiri, milongoti iwiri, ndipo madzi akadzayamba kuphwera tidzaona kuti mkono wayamba kutopa ndi wa ndani, wanga wogwira choko kapena wa nkhalamba.

Kalatayi ndiipereka kupositi mawa ngati msewu udzakhalepo. Mukailandira zonse zidzakhala zitadziwika kale kuno, choncho musathamangire kukwera sitima. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Obrad. Ana muwapsompsone, muwauze kuti malume awo aona tambala akuyendetsa khola pamtsinje. Mukamapemphera mutchule mayi Eržika poyamba, a Lajoš kachiwiri, ine mukatsala ndi nthawi.

Amayi muwawerengere ndime yoyamba yokha, ya nyemba ija, aseke. Muwauze kuti ambulera yawo ili bwino.

A Lajoš avala chipewa, akuti ndiwatsatire tikanyamule mlongotiwo kusanade. Ndikuwaona pawindo akutsika pathabwa lokwerera lija, limene m'mawa linali logona koma tsopano lachita chitsikiro. Afika pansi. Aima, akuyang'ana mapazi awo. Pamwamba pa khoma sipakuonekanso, madzi akuwadutsa pa nsapato.

Ndine mlongo wanu,
Veljko