Simbi ya Amayi

Lachinayi, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kusukuluko. Pafoni ndimangoti "tili bwino" chifukwa amayi amakhala ali pompo, ndiye ndati ndilembe. Pakamwa mumandidziwa, koma papepala masiku ano ndikumayesetsa.

Zija munamva n'zoona. Abambo asiyadi ntchito kukampani ya magetsi, akukakhala m'busa. Nyumba ino ndi ya kampani, ndiye Loweruka tikutuluka. Mpingo watipatsa zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi. Ndinakaziona. Bafa lili panja, lopanda chitseko.

Amayi akuti kutchalitchiko sapita. Tsiku limene abambo anabweza yunifomu ndi makiyi a galimoto anati, "Mayi a ana, Mulungu wandiitana." Amayi amvekere, "Wakuitanani nokha. Ine foni yanga sinalire." Ndinafuna kuseka, koma palibe anaseka. Kuyambira pamenepo akumalankhulana kudzera mwa ine. "Kawauze abusa chakudya chapsa." "Uwauze amayi ako ndathokoza." Onsetu ali pabalaza pomwepo!

Tsopano nkhani ili pa makatoni. Amayi anagula zingwe ziwiri. Makatoni a chingwe chofiira akupita nawo kwa amayi aang'ono, a choyera akupita kutchalitchi. Mbale azigawa pakati, makatani nawonso. Dzulo anandipatsa katoni yanga n'kuika zingwe zonse ziwiri pabedi. "Wakula iwe, usankhe wekha." Abambo anadutsa pakhomo, anaziona, n'kubwerera osatenga chimene amafuna.

Achemwali, ndachita chinthu. Simbi ija amayi salola munthu kuigwira ndinaichotsa m'katoni yofiira n'kuibisa m'katoni yoyera, pansi pa mabuku a abambo. Ndimati akaisowa aitsatira kutchalitchi. Lamlungu abambo akulalikira koyamba, ndipo malaya akasita okha amaoneka ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Amayi akakawaona sangapirire.

M'mawa uno ndinawapeza amayi atamasula katoni yoyera ija, simbi ili m'manja. Anandiyang'ana, kundiyang'anitsitsa, kenaka n'kuibwezera pansi pa mabuku pomwepo, n'kumanganso chingwe. Anangoti, "Mfundo yako ndi yofooka, iwe."

Ndiye sindikudziwa. Kodi akuwasiyira abambo simbiyo kuti azidzisitira okha, kapena aitsatira? Inu mumawadziwa kuposa ine. Chonde muwaimbire Loweruka lisanafike, koma za simbi musatchule.

Zovala zanu munasiya zija ndaziika m'katoni mwanga, ndiye komwe ndipite ine, inunso mukatsekera mudzafikira konko. Katoniyo sindinamangebe.

Amayi akupereka moni. Abambonso akupereka moni. Aliyense wandiuza payekha, chonong'ona. Yankho musatumize kuno. Adiresi ndidzakuuzani ndikamanga katoni.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumamuti Kachetechete