Suti ya Agogo Eusebio

Lolemba, 7 Ogasiti

Aneba awotchanso nzimbe, phulusa lonse pa zovala zimene ndinayanika. Kuchapanso.

Azakhali Encarna aimba foni. Akuti pa chikumbutso cha banja sabata yamawa ndidzafotokoze mbiri ya bambo awo, agogo Eusebio, poti ine ndine wa kompyuta. Mbiriyo akuidziwa kale, akungofuna umboni: asanabwere kuno ku Ayr kudzadula nzimbe, agogo anali katswiri wolimbana ndi nkhunzi m'mabwalo a ku Spain. Chithunzi chilipo pakhoma la azakhali. Suti yonyezimira, nsalu pamkono, chibwano m'mwamba. Tonse tinakulira pansi pa chibwano chimenecho. Msuweni Darren mpaka anadinditsa nkhunzi pachifuwa.

Lachitatu, 9 Ogasiti

Ndasaka pa intaneti mpaka maso kuwawa. Dzina la agogo palibe. Amuna anga a Glenn akuti mwina ankalimbana nazo mwamseri. Sindinaseke.

Mayi wina wa gulu la zidzukulu za anthu a ku Spain wandiuza kuti ndikaonane ndi a Fermin Urrutia ku Ingham. Bambo awo ankadula nzimbe limodzi ndi agogo.

Lachisanu, 11 Ogasiti

Kalanga ine.

Ndisanakhale n'komwe pansi kwa a Fermin, ndaiona pakhoma. Suti yomweija. Batani losowa pomwe paja, katani yomweija kumbuyo, ngakhale kamphika ka maluwa. Mutu wokha ndiye wina.

Nditawaonetsa chithunzi chathu pafoni, aseka mpaka mano oikirira kusuntha. Akuti wojambula wina ku Innisfail ankabwereketsa sutiyo kwa anyamata odula nzimbe, kuti atumize zithunzi kwawo n'kupezerapo akazi. "Amayi anga anakwera sitima yapamadzi chifukwa cha suti imeneyi, mwanawe. Atafika anapeza munthu wamwaye thupi lonse, maso okha mbee."

Ndafunsa za agogo. Akuti anali wophikira gulu. Ng'ombe ankaiopa koopsa. Tsiku lina yamkaka inalowa pakhitchini, iwo n'kukwera mumtengo wa mango, chikombe chili m'manja, gulu lonse n'kuswera ndi njala.

Loweruka, 12 Ogasiti

A Glenn akuti ndingonama, azakhali ndi achikulire. Nanga Darren tim'senda khungu?

Lamulungu, 13 Ogasiti

Ndawauza azakhali titachoka ku Misa. Amvetsera osaphethira, kenako atenga mbale ya mabisiketi imene anandiikira n'kuibwezera m'kabati. Akuti a kwa Urrutia bodza ndi lobadwa nalo. Ndikutuluka, andiitana.

"Mawa ubwere ndi galimoto. Ndikufuna ndikam'yang'ane m'maso."

Lolemba, 14 Ogasiti

Chithunzi anachikulunga m'thaulo, njira yonse chili pamiyendo.

A Fermin atsitsa chawo, taziika pathebulo moyandikana. Azakhali avala magalasi, ayang'ana nthawi yaitali. Ine ndikuganiza za mankhwala awo a mtima amene tinaiwala kunyumba.

"Bambo anu yawathina," atero azakhali.

A Fermin ati kuthina n'kwabwino, kusiyana ndi bambo ena amene anachita kupinda manja a suti ngati mwana wasukulu. Mkangano n'kuyambika. Wamtali ndani, wa ndevu zabwino ndani. Ayamba m'Chingerezi, atha m'chinenero cha makolo chimene sindinawamvepo azakhali akulankhula chikhalire. Mawu ena ndikukayika ngati ali oyenera munthu wa kwaya.

Atatopa, a Fermin atulutsa vinyo ndi soseji. Afotokoza za chaka cha matenda a makoswe a m'minda, pamene gulu lonse linagona. Akuti agogo okha ndi amene sanathawe, ankayenda bedi ndi bedi kumwetsa anthu msuzi wa adyo, ndipo anachita kubereka bambo a Fermin kumsana mpaka kunjanji kuti apite kuchipatala. "Popanda wamantha wanuyo, ine kulibe." Azakhali angowathirira vinyo wina, kenako awauza kuti pa chikumbutso abwere, koma chithunzi chawo chitsale.

Pobwerera tadutsa ku Townsville. Titaona ng'ombe m'mbali mwa msewu, azakhali ayamba kugwedezeka mapewa. Ndimati akulira, ndaimitsa galimoto.

"Tikakumana ndi ng'ombe bambo ankatidutsitsa tsidya lina la msewu," atero, mawu akuvuta kutuluka. "Ankati akuzimvera chisoni, zingawazindikire."

Aseka mpaka misozi, inenso chimodzimodzi. Tili choncho, ng'ombe imodzi yabwera mpaka kusuzumira pawindo lawo. Sindinaonepo munthu wa msinkhu wawo akutseka windo mwachangu chonchija.

Andiyang'ana, akonza tsitsi.

"N'za m'magazi. Tiye."