Kumbuyo kwa Mzere Woyera

Lachiwiri, 4 Malichi

Bambo sanadutse loboti itafiira. Ndilembe pano, poti pakamwa patopa. Azakhali akunena, aneba akunena, wapolisi walemba kale mu lipoti lake kuti wanjinga analowa pofiira. Analipo ndani mwa iwowa? Munthu wapalasa njinga ya buledi zaka makumi awiri ndi zitatu, makileti anayi pakaliyala, osagwetsapo ngakhale banzi limodzi. Dzulo lole yawapera pamphambano, lero aliyense wasanduka katswiri wa malamulo a pamsewu.

Ali kuchipatala. Machubu m'mphuno, mutu wonse bandeji. Sakuzindikira munthu.

Lachitatu, 5 Malichi

Kuntchito. Makina a fotokope akutafuna mapepala ngati mbuzi. Abwana akuti, "Pepa za madala, koma anjinga nawonso amaithamangira imfa." Munthu woti polemba dzina lake amatulutsa lilime.

Masana kupolisi. Wapolisi, akutokosa m'mano: "Bweretsani mboni, bwana. Dalaivala wanena zake, bambo anu sakulankhula." Ndiye kuti wa mateyala khumi ali ndi pakamwa, wa mateyala awiri alibe. Sindilola. Bambo sakhala ndi dzina la munthu wosasamala chifukwa choti agona chete.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndaima pamaloboti paja ola lathunthu. Magazi anawathira mchenga. Mayi wogulitsa nyuzipepala akuti anangomva phokoso. Wosoka nsapato akuti anali atawerama. Mphambano yonse ya akhungu.

Anjinga ake ndi omwe aja. Loboti ikafiira amadutsa mzere woyera n'kukaima pamphuno pa magalimoto, ngati msewu anasiyiridwa ndi agogo awo. N'chifukwa chake anthu sakukhulupirira za Bambo.

Kuwodi Amayi akuwapukuta mapazi ndi kansalu konyowa. Azakhali, mokweza kuti anesi amve: "A Pulofesa athu akufufuza mlandu. Akanamaliza sukulu ija bwenzi pano tili ndi loya m'banja." Zaka ziwiri ndi theka ndinaphunzira zamalamulo. Iwo anamaliza chiyani, kupatula shuga wa m'nyumba mwathu?

Loweruka, 8 Malichi

Mboni yapezeka. Wanjinga wonyamula mazira, anzake amamutcha Chipewa. Anali kumbuyo kwa Bambo tsikulo. Akuti Bambo anaima, phazi pansi, kumbuyo kwa mzere, kumanzere kwa lole, pafupi ndi teyala lakutsogolo. Loboti itabiriwira, lole inakhotera kumanzere komweko. Basi.

Ndinatsala pang'ono kumukumbatira, thukuta lake ndi zonse.

Kenako anapitiriza, ine osamufunsa. "Pamenepo ife sitiima, achimwene. Wa lole saona pansi pa chitseko chake. Timadutsa mzere, kukaima kutsogolo, n'kucheuka mpaka maso akumane. Anatiphunzitsa ndi madala omwewo. Koma chaka chino anasintha. Tikawaitana ankati, mwana wanga wa ku yunivesite wandiuza kuti lamulo likuti kumbuyo kwa mzere."

Sakudziwa kuti mwana wa ku yunivesiteyo ndine. Kapena akudziwa.

Lamlungu, 9 Malichi

Sindinapite kuchipatala. Ndawauza Amayi kuti mutu.

Unali mwezi wa Januwale. Mnzanga wa m'kalasi, amene pano ndi loya, ananditenga pa galimoto yake. Pamaloboti, kutsogolo kwathu, njinga ya buledi itadutsa mzere. Malaya ong'ambika paphewa, ndinawadziwa. Mnzangayo anaimba hutala: "Taona mbuli iyo!" Ine ndinaseka nawo. Ndinatsetserekera pansi pampando kuti akacheuka asandione.

Madzulo ake ndinawakalipira Bambo ngati mwana. Kuti akutichititsa manyazi, kuti mzere sanaujambule ngati maluwa, kuti lamulo ndi lamulo. Ndinatchula mpaka ndime ya lamulolo, mwina yabodza. Iwo akupopa teyala, osakwiya. "Chabwino a Pulofesa, tamva. Ophunzira ndinu."

Zaka makumi awiri ndi zitatu pamsewu. Ine njinga ndinasiya kukwera ndili Fomu 2.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndapita naye Chipewa kupolisi. Panjira ndamupempha kuti anene za kuima kokha, zinazo n'zosafunika pamlandu. Wayankha kuti, "Ndinena zimene andifunse." Sanamufunse.

Amayi pakhonde la wodi: "Mboni ija yati chiyani, mwanangu?" Ndati anaima. Iwo, "Ndinadziwa ine, bambo ako sachita zopusa." Andigwira dzanja. Ndalichotsa, ndati ndikufuna madzi.

Adokotala akuti kutupa m'mutu sikukutsika. Ndakhala pambali pawo mphindi khumi, Amayi atatuluka. Mawu ndinali nawo. Ndangowakonzera bulangete.

Lachisanu, 14 Malichi

Lipoti alisintha. Chidindo, siginecha, zonse. "Wanjinga anali ataima kumbuyo kwa mzere, motsatira lamulo." Ndawerenga kanayi. Ndadutsira kuntchito, ndapanga makope khumi: la Azakhali, la abwana, la aneba, la kukampani ya buledi. Aliyense ameze lake.

Kuchipatala ndafika 12 koloko, pepala m'manja, kuti ndiwawerengere kukhutu.

Bambo anatisiya cha m'ma 10, ine ndili pabenchi ya kupolisi.