Munda wa a Kalisto Uli m'Kabokosi

Lolemba, 14 Juni 2010

Kuno ku Minga. Kuzizila. Ofesi ya kopaletivi ikununkha feteleza ndi khoswe wakufa amene komiti inagwilizana kuti kulibe.

Lachisanu kubwela munthu wa zamalo kudzatenga mapu a minda ya mamembala. Munda umene suli pa mapu ndi tchile. Tchile nalo lili kale ndi wolifuna, mkulu wina wa fodya wa ku Petauke, wa magalimoto awili. Minda 63 ili kale mu laputopu. Watsala wa a Kalisto.

Mailo anauzungulila wonse, jipiyesi yojambula malile ili pakhosi ngati kolona. Maola awili, mwendo umodzi wokoka. Anathawila kuno kuchoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anzao atabwelela iwo anatsala, chifukwa mwana wao woyamba, Tiyamike, agona pangodya ya mundawo pansi pa mango. Pepala lililonse alibe.

Kajipiyesi kalibe galasi, kalibe chingwe. Kamalankhula ndi laputopu pa bulutufu. Laputopu yakaona, yakapatsa moni, yakatchula ndi dzina. Ndikati tsegula, yankho: chilolezo palibe. Kasanu ndi kawili. Zaka zinai za ku yunivesite zangoima kumbuyo kwanga, manja m'thumba.

Lachiwili, 15 Juni

Mameseji asanu ndi limodzi kwa Bonaventure, mnzanga wa pasukulu amene amadyela makompyuta ku Lusaka. Akuti tuzipangizo totele timalowela pakhomo lake, ndipo khomolo limatsegukila okhao olembedwa m'gulu lotchedwa dialout. Akaunti yathu ya ofesi ndi munthu wamba. Wolemba anthu m'gulu ndi mwini pasiwedi yaikulu.

Ndiye kuti khadi la chipani. Mu 1991 tinapsa ndi dzuwa pamzele kuti za makhadi zithe. Chimanga tigulitsa kumene tifuna, nyuzi tinena zimene tifuna, koma m'kabokosi aka boma likadali la munthu mmodzi.

Munthuyo ndi a Febian. Mlembi wakale, amene tinawagwetsa pachisankho cha Novembala. Ndine amene ndinawayeselela pamsonkhano, kayendedwe kao ka pachifuwa ndi chikwama chopanda kanthu, mpaka azimai kugwa pamabenchi. Mpando ndinatenga ine. Kompyuta sinamve za chisankho.

Amai Sophia, apampando athu: "Munaseka nokha, a Edmond. Kapepeseni nokha."

Lachitatu, 16 Juni

Ku Nyimba. Minibasi yodzaza, laputopu m'chitenje pamiyendo ngati khanda. A Febian tsopano ali ndi shopu ya mbewu ndi mankhwala a thonje. Anandikhazika pa thumba ola lathunthu, iwo akuwelenga malebulo a mabotolo amene amawadziwa pamtima.

Kenako: "Tayendaninso muja munayendela, a mlembi, makasitomala aoneko."

Ndinayenda. Kuchoka pa sikelo mpaka pakhomo ndi kubwelela, chifuwa patsogolo. Makasitomala anai. Mmodzi anaomba m'manja.

Pasiwedi analemba ataphimba zala ndi chipewa. Anaika chizindikilo pa dialout, n'kunena kuti zatha. Fanta anandigulila okha, zimene zinandipweteka koposa kuyenda kuja.

Jipiyesi ndinaiiwala mu dilowa ku Minga. Nditafika ndinayesa. Chilolezo palibe.

Ndinawaimbila. Zimene ndinanena sindilemba zonse. Munali mau akuti njilu, munali akuti kugulidwa ndi wa fodya. Anangoti, "Zikomo, bambo," n'kudula.

Lachinai, 17 Juni

Bonaventure: kompyuta imawelenga maina a gulu pokhapokha munthu akamalowa. Zimitsa, yatsanso, basi.

Basi! Pachivundikilo pali pepala lomata: OSAZIMITSA. Dzanja langa. Kuyambila Novembala sitinaizimitsepo, poopa kuti ikadzuka idzafunsa pasiwedi, ndipo wodziwa ndi yemwe uja. Timangoitseka pakamwa. Magetsi akapita, Amai Sophia amathamanga nayo kwa a Vitalis a sola, chitenje chili m'manja, ngati opita ndi wodwala kuchipatala.

Ikatitsekela panja, minda 63 itsalila momwemo. Fulashi ya ofesi inapita ndi boma lakale.

Ndiye a Febian sananame. Ndawaimbila katatu. Foni yozimitsa. Iwo saopa kuzimitsa.

Komiti yakhala maola anai. Nkhani: kudina batani limodzi. A Vitalis anapempha kuti tisankhe kakomiti kakang'ono kofufuza. Wina anati tiitane abambo a kumishoni adalitse kaye. Mavoti atatu kwa atatu. Demokalase yagwila nchito yake, tonse tabalalika ndi njala.

A Kalisto anali panja nthawi yonseyo pa benchi. Si a mu komiti. Potuluka anandivulila chipewa: "Zikuyenda, a mlembi?" Ndinati zikuyenda.

Ndimaseka anthu bwino. Palibe munda umene unalowapo pa mapu chifukwa cha nthabwala zanga.

Lachisanu, 18 Juni

A Kalisto afika 7 koloko, jekete ya ku chalichi. Ndawauza zoona zonse, pamaso pa Amai Sophia. Anamvetsela, akuyang'ana pepala langa lija.

"Zimitsani, a mlembi. Ine ndinatsekapo nyumba osadziwa ngati ndidzaitsegulanso."

Amai Sophia anayang'ana kudenga, n'kunena kuti iwo atuluka pang'ono ndipo saona kanthu.

Ndinadina. Mdima. Ndinamva khoswe uja kununkha bwinobwino. Ndinadinanso.

Sinafunse kanthu. Inangolowa yokha mpaka mkati. A Febian anaikonza chotelo kalekale kuti tisamavutike. Miyezi isanu ndi iwili tikuthamanga ndi bokosi m'chitenje, kuopa loko amene kulibe.

Jipiyesi yatseguka ulendo woyamba. Mzele wofiila, munda wonse, ngati chikopa cha mbuzi choyanika. Amai Sophia, amene sanaone kanthu, analuluta pawindo.

Koma ngodya imodzi yolumidwa. Mzele ukulowa mkati, kukhota, n'kutulukanso. Ndinayamba kale kutukwana makina. A Kalisto anaika chala pagalasi.

"Apo ndinalambalala. Munthu saponda pamene pagona mwana."

Analambalalila mkati. Mango ndi Tiyamike zili kunja kwa mzele. Pa mapu awa, malo amene anawasunga m'dziko muno zaka makumi awili ndi tchile.

Wa zamalo afika 14 koloko. Kumunda makilomita asanu ndi anai, njinga imodzi, mwendo wa a Kalisto sungabwelezenso. Jipiyesi ndavala ine. Akuti ndikadutse kuseli kwa mango, patali pang'ono, ndipo nsapato ndivule.

Kwa a Febian ndipita mailo. Ndikayenda m'shopu muja kangati kalikonse kamene angafune.

A Kalisto akuliza belu la njinga panja