Galasi lokana kuda

Lachitatu

Pei-shan 09:12
akulu cell ija, kagalasi ka research yanga kaja, ikukanabe kuda. ndafika pa 10V koma kuwala kukungodutsa

Pei-shan 09:13
ndipo ndi yomaliza. madzi a liquid crystal omwe anatipangira aku Tainan aja anathera mmenemu, botolo lili gwa

Pei-shan 09:31
akulu Wei-lun plz. aphunzitsi Hsieh akufuna graph lero 3 koloko, apo ayi sasaina fomu ya defence yanga, mayeso omaliza a digiri aja

Wei-lun 10:47
ndinali mu cleanroom kuntchito kuno, foni salola. lab imeneyo ndinachoka chaka chatha koma ukundilembabe ganyu kkk. ma polarizer, tosefa kuwala tija, wapingasa?

Pei-shan 10:47
ee

Wei-lun 10:48
mbali ya galasi yodutsa magetsi ili mkati?

Pei-shan 10:49
ndayeza kawiri. mpaka kapaketi kobiriwira ka zotafuna ndaika pa makina ngati chithumwa kuti amvere, deti lake silinathe. mutu waima

Wei-lun 10:53
[uthenga wa mawu 1:26]

Pei-shan 10:56
aaa musandiphunzitse ngati wa chaka choyamba. popanda magetsi tinthu ta mkatimo timagona mopotoka, kuwala nkudutsa. ukayatsa timaimirira, galasi nkuda bii. ndikudziwa. dzulo inada bwinobwino, lero tangogona basi

Wei-lun 10:57
dzulo inada? nde wasintha chani

Pei-shan 10:58
palibe. function generator yomwe ndimatengako magetsi anabwereka a lab yapansi, ndinalumikiza ku power supply yotuwa ija. 10V ndi 10V

Wei-lun 10:58
yotuwa??

Wei-lun 10:58
iwe imeneyo ndi DC, magetsi olowera mbali imodzi

Wei-lun 10:59
yakhala yoyaka kuyambira liti

Pei-shan 11:00
dzulo masana. ndimafuna ikhazikike

Wei-lun 11:00
zimitsa pompano. jambula ndione

Pei-shan 11:04
[chithunzi]

Pei-shan 11:04
chikasu cha mmbalicho ndi chani. ndi timathovuto

Pei-shan 11:15
akulu?

Wei-lun 11:22
magetsi ake amafunika osinthasintha mbali, AC. ukaika DC dothi lonse la mkati limaunjikana pa galasi limodzi nkutchinga mphamvu, kenako madziwo amapsa. chikasucho ndi kupsa

Pei-shan 11:23
nde ndipange bwnj

Wei-lun 11:25
gunditsa mawaya awiriwo, uiike pa hotplate mpaka iyere, izizire yokha. katenge generator. nthawi zina imadzuka

Pei-shan 13:08
ndapanga kawiri. bento yanga ya nkhomaliro yazizira pompano. yangoda kachigamba pakona, kwinako mbee

Wei-lun 13:19
yapita imeneyo. pepa

Pei-shan 13:20
kupanga madzi ena ndi masabata 6. defence yanga yathera pomwepa, semester ina yonse. ku fakitale komwe ndapeza ntchito ananena kuti popanda satifiketi pa 1 August malo apereka kwa wina

Pei-shan 13:26
[chithunzi]

Pei-shan 13:26
kope lomwe munandisiyira ili. tsamba 14, dzanja lanu: "kweza pang'onopang'ono mpaka 10V". AC ili pati apa?

Wei-lun 13:28
zimenezo salemba. aliyense amadziwa

Pei-shan 13:28
aliyense ndani

Pei-shan 13:29
ine ndinachokera ku chemistry, mumadziwa. miyezi itatu ndinkakutsukirani magalasi, kukugulirani tiyi wamkaka, generator munkatchera nokha ine nkumangodina batani. ndikafunsa munkati "ona mu kope"

Pei-shan 13:30
zandikwana ndithu. mayi anga anauza kale mudzi wonse ku Chiayi kuti ndapeza ntchito

Pei-shan 14:02
mwawerenga, ndikuona

Pei-shan 14:41
[watumiza uthenga wochokera kwa Aphunzitsi Hsieh]
"Pei-shan, ndafika mu ofesi. Bwera ndi graph, utengenso cell ija ndiione ikuda."

Wei-lun 14:50
uwauze kuti inathothoka mmbali, mpweya unalowa. zimachitika, sangakufunse zambiri

Pei-shan 14:52
azindikira chikasucho ndisanakhale nkomwe pansi

Pei-shan 14:56
ndikukwera masitepe. ndinena kuti ndapsereza ndekha, dzina lanu sinditchula. kopelo ndasiya pa benchi, mudzatenge

Wei-lun 14:57
dikira kaye, aphunzitsiwo ndiwaimbire ndine

Wei-lun 14:58
[waimbira Pei-shan, sanayankhe]

Wei-lun 15:34
iwe Pei-shan, zatha bwanji?